Masiku 60 otsutsira ngongole ya boma

Ku California, m'dziko la America, khonsolo ya mzinda ikavomereza zobwereka ndalama pogulitsa mabondi, nzika yokayikira imakhala ndi masiku 60 okha oti ikasume kukhoti. Masikuwo akatha popanda wodandaula, ngongoleyo imakhazikika, ndipo wobwera mochedwa amabwezedwa pakhomo pomwe.

Lamuloli lili ndi nzeru yake. Mabondi ndi mapepala amene boma limalonjezapo kubweza ndalama pamodzi ndi chiwongoladzanja, nthawi zina pakatha zaka 20 kapena 30. Wogula akamaopa kuti khoti lidzawafafaniza mtsogolo, amakweza chiwongoladzanjacho, ndipo wolipira ndi munthu wokhoma msonkho. Puerto Rico adaziona: mu 2019 bungwe loyang'anira chuma cha chilumbachi lidapempha khoti kuti lithetse mabondi oposa $6 biliyoni a mu 2012 ndi 2014, ponena kuti adadumpha malire a ngongole. Ndalamazo zidali zitagwira kale ntchito.

Koma malire a nthawi amakhala achilungamo pokhapokha ngati anthu auzidwa. Aneba athu a ku Mozambique ndiwo mboni. Mu 2013 ndi 2014, makampani a boma atatu, EMATUM, ProIndicus ndi MAM, adabwereka pafupifupi $2 biliyoni kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB, boma n'kuikira kumbuyo popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Ngongole za ProIndicus ndi MAM zidaululika mu 2016. IMF ndi maiko othandiza adaimitsa thandizo, ndalama ya metical idagwa, ndipo mitengo ya zinthu idakwera kuyambira ku Maputo mpaka ku Tete. Mlimi wa ku Angónia akadasuma bwanji m'masiku 60 pa ngongole imene aphungu ake omwe sadaidziwe?

Mabungwe omwe si aboma adasonkhanitsa masiginecha n'kukadandaula, ndipo mu June 2019 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti chikole cha boma pa $850 miliyoni ya EMATUM n'chosavomerezeka. Chigamulocho chidapeza mapepala a ngongole ya EMATUM atasinthidwa kale mu 2016 kukhala ngongole ya boma lenilenilo, ndipo chaka chomwecho cha 2019 adasinthidwanso kukhala bondi ya $900 miliyoni yotha mu 2031. Manuel Chang, nduna ya zachuma imene idasainira zikolezo, adapezeka wolakwa ku New York mu 2024, koma anthu a ku Mozambique akulipirabe.

Kuno kwathu, wofuna kuti High Court iunikenso chiganizo cha boma amapatsidwa miyezi 3. Aphungu ndi oweruza aonetsetse kuti pa nkhani ya ngongole, miyeziyo iziyamba kuwerengedwa tsiku limene kuchuluka kwa ndalama, chiwongoladzanja, wobwereketsa ndi ntchito yake zalengezedwa poyera, osati tsiku limene nduna yasaina m'chipinda chotseka.