Nambala ya Papaketi Siciritsa Mphere

Ogulitsa nsalu zoyala pabedi amalemba nambala zikuluzikulu papaketi, 800 kapena 1,000. Nambalayi ndi ya ulusi wa m'litali ndi m'lifupi wopezeka m'kacigawo ka inchi imodzi mbali zonse. Koma opanga ena amapota tiulusi tiwiri kapena titatu tosalimba, namawerenga kalikonse pakokha, nambala nkukwera. Nsalu ya thonje lenileni ya 200 kufikira 400 ndi yokwanira ndithu.

Ife a kucipatala timayang'ana zina. Nsalu ya polyester siimwa thukuta, conco m'kutentha kwa Okutobala mwana amadzuka ndi tizidzolo. Thonje limamwa thukuta, limapiriranso madzi otentha ndi nsimbi. Mphere zikalowa m'nyumba, mankhwala okha sakwanira: zogonera zonse zicapidwe m'madzi otentha, ziyanikidwe padzuwa, zisitidwe. Kusita kumaphanso mazira amene nchenche ya mphutsi imaikira pa nsalu zonyowa.

Pogula, kaya ku salaula kaya m'sitolo, tambasulani nsaluyo moyang'ana kudzuwa. Ikaonetsa mipata ngati sefa, isiyeni. Gulani ziwiri zotsika mtengo m'malo mwa imodzi yodula, kuti ina ikacapidwa ana asagone pa matilesi yopanda coyala.