Mzere wa ovota pakati pa mliri: ndani anasenza mtolo wa 23 Juni 2020?

Pa 23 Juni 2020, pamene mayiko ambiri anali atatsekera anthu awo m'nyumba pothawa Covid-19, Amalawi pafupifupi 4.4 miliyoni analawira m'chisanu kukaima pamizere yovotera. Tsikuli timalikumbukira monyadira, ndipo pali chifukwa. Koma funso limene linavuta anthu nthawi imeneyo silinayankhidwe, linangomizidwa ndi nthungululu za opambana: kodi n'chilungamo kuuza munthu kuti kuvota ndi udindo wake, pamene kukavotako kungamutengere matenda amene chipatala cha kwawo sichingawathe?

Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu a bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, chija anthu anachitcha cha Tipeksi, ndi kulamula kuti chichitikenso pasanathe masiku 150. Tsiku limenelo kachilomboka kankamveka ngati nkhani ya ku Wuhan. Pa 20 Malichi Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi, sukulu zinatsekedwa, misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Pa 2 Epulo anthu atatu oyamba anapezeka ndi matendawa ku Lilongwe. Masiku a khoti aja anali akuwerengedwabe.

Amene ankafuna kuti chisankho chiyambe chaima sanali opanda mfundo, ndipo n'kulakwa kuwaona onse ngati anthu ongokakamira mpando. M'mwezi wa Epulo womwewo madokotala ndi anamwino ananyanyala ntchito chifukwa chosowa zodzitetezera. Mabasi odzaza ndi abale athu ochokera ku South Africa ankalowa pachipata cha Mwanza, ndipo kumapeto kwa Meyi anthu mazanamazana amene anasungidwa pa Kamuzu Stadium podikira zotsatira za kuyezedwa anathawa n'kumwazikira m'maboma awo. Dziko losowa mpweya wa okosijeni m'zipatala zake zazikulu linali ndi chifukwa chenicheni choopera. Mayiko ambiri anaimitsa zisankho zawo chaka chimenecho, ndipo palibe anawanena kuti apenga.

Vuto linali pakamwa potuluka uthengawo. Boma limene linkachenjeza za mliri ndi lomwe khoti linali litangonena kuti silinasankhidwe moyenera. Nduna ya zaumoyo Jappie Mhango italengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, mavenda m'misika ya m'mizinda anayamba zionetsero, akunena kuti njala iwapha kachilomboko kasanawapeze. Boma linali lisananene kuti wogulitsa tomato ndi woyendetsa kabaza adya chiyani masabata atatu amenewo. A Human Rights Defenders Coalition anathamangira kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. Ambiri anaona m'bindikirowo ngati msampha wozembera chisankho. Kaya unalidi msampha kapena ayi, kukayikirana kumeneku kunali ndi mtengo wake: m'midzi ndi m'maminibasi munafala mawu akuti korona ndi ndale chabe, ndipo mawuwo sanathe chisankho chitatha.

Mbali inayo inkati ulamuliro umachokera kwa anthu, monga malamulo oyendetsera dziko akunenera, choncho boma lopanda chilolezo cha anthu silingatsogolere nkhondo yolimbana ndi mliri, chifukwa palibe angalimvere. Mfundo imeneyi ine ndimaiona yolemera kuposa inzake. Dziko linali litatha miyezi yambiri m'zionetsero, masitolo akuswedwa, misewu ikutsekedwa. Kuwonjezera chaka china cha mkwiyo wotere sikukanateteza moyo wa munthu. Ethiopia inaimitsa chisankho chake cha Ogasiti 2020 chifukwa cha Covid-19. Chigawo cha Tigray chinakana n'kuchititsa chakechake mu Sepitembala, ndipo pofika Novembala kunali nkhondo. Zifukwa za nkhondoyo n'zambiri komanso zakale, koma zikusonyeza kuti kuimitsa voti nako kuli ndi maliro ake.

Okonda mbali imeneyi ankatchula kawirikawiri South Korea, imene inavota pa 15 Epulo 2020, anthu 66 pa 100 alionse n'kutuluka, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo pachisankho cha aphungu kuyambira 1992. Chitsanzochi n'chabwino koma chimatiyalutsa. Kumeneko wovota aliyense ankayezedwa kutentha kwa thupi ndi kupatsidwa magolovesi, panali masiku ovoteratu kuti anthu asaunjikane, ndipo amene anali pam'bindikiro anapatsidwa nthawi yawoyawo ena atamaliza. Boma linasenza gawo lalikulu la ngoziyo. Kwathu kuno ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo la sukulu zinalipo m'malo ambiri, koma zotsalazo zinali za wovota mwini.

Ndipo apa ndi pamene nkhani ya udindo imandivuta. Malamulo athu sadziwa voti ya papositi, kapena kuvoteratu tsiku lisanafike. Uyenera kupita ndi miyendo yako kumene unalembetsa. Khoti la Supreme litagamula pa 8 Meyi kuti kaundula akhale wa 2019 yemweyo, achinyamata amene anali atangolembetsa kumene anatsala panja, ndipo amene anasamukira kutauni anayenera kuganiza za thiransipoti pa nthawi imene maminibasi anali atakweza mitengo chifukwa cholamulidwa kunyamula anthu ochepa. Taganizirani gogo wa matenda a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, amene wailesi inkamuuza m'mawa kuti anthu ngati iye asayandikire gulu, madzulo n'kumuuza kuti tsogolo la dziko lili pachala chake. Amene anapita, atamanga kansalu kachitenje pamphuno, anachita chinthu chachikulu. Amene anakhala pakhomo sanapalamule. Chiwerengero cha ovota chinatsika kuchoka pa 74 pa 100 alionse mu 2019 kufika pafupifupi 65, ndipo ngakhale kutopa ndi ndale kunachitapo mbali, si bwino kuwatcha onsewo amphwayi.

Komanso mzere wovotera, kunena zoona, sunali malo oopsa kwambiri. Unali panja, pamphepo, munthu n'kuchoka akangodinda chala mu inki. Ngozi yeniyeni inali m'masabata a kampeni. Lamulo la anthu 100 lija linaponderezedwa ndi mbali zonse ziwiri, mgwirizano wa Tonse komanso wa DPP ndi UDF. Anthu ankapakiridwa m'malole, kuimba ndi kuvina mothithikana kwa maola ambiri, masiki ali m'thumba kapena kulibiretu. Atsogoleri omwewo amene ankauza anthu kuti azisamba m'manja ankayesa mphamvu zawo ndi kukula kwa khamu. Pamenepa palibe chipani choyera, ndipo palibe chimene chinayesapo mozama kuchita kampeni ya pawailesi kapena ya khomo ndi khomo m'malo mwa misonkhano ya pabwalo.

Patsiku lovota odwala otsimikizika anali asanafike 1,000. Pofika kumapeto kwa Julayi anali pafupifupi 4,000. Obwerera kuchokera ku Joni, kuzizira ndi kuchuluka kwa kuyeza zinathandizira kukweza chiwerengerocho, koma n'zovuta kukhulupirira kuti misonkhano ija inalibe gawo lake. Lazarus Chakwera, atapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse, anathetsa chikondwerero cha pa 6 Julayi ku Bingu National Stadium n'kukalandirira lupanga la ulamuliro ku Kamuzu Barracks pamaso pa anthu ochepa. Chinali chiganizo chanzeru, koma anthu sanalephere kuona kuti kachilomboka kanayamba kuopedwa mavoti atawerengedwa kale.

Wovota anali atachita mbali yake. Mbali ya osankhidwa inayesedwa mu Januwale 2021, mliri utabweranso mwaukali n'kutenga nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, tsiku limodzi. Mabanja ankasakasaka masilinda a okosijeni, kenako kafukufuku anaonetsa kuti gawo la K6.2 biliyoni ya Covid-19 linathera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko. Amene anaika moyo wake pachiswe pamzere uja anali ndi ufulu wonse wokwiya.

Chisankho chija chinayenera kuchitika, ndipo ndikanafunsidwanso lero ndikanayankha chimodzimodzi. Chimene sindivomereza ndi kusandutsa kulimba mtima kwa anthu osauka kukhala ndondomeko ya boma. Kuchokera nthawi imeneyo tadutsa mu kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700, ndi namondwe Freddy amene anasamutsa midzi yathunthu kuchigawo chakumwera. Aphungu akonza malamulo a zisankho kangapo, koma pa 16 Sepitembala 2025 wodwala wogonekedwa m'chipatala, nkhalamba yosatha kuyenda ndi Mmalawi wogwira ntchito ku Johannesburg analibebe njira ina yoponyera voti kupatula kukaima pamzere tsiku lomwelo.