Chopereka cha pa maikolofoni

Pali kachizolowezi kamene kalowa m'matchalitchi mwathu ndipo kamandinyansa. Likafika tsiku la Pepa Sande, kapena lotolera ndalama zomangira nyumba ya abusa, woyendetsa mwambo amagwira maikolofoni n'kuyamba kuitana anthu potengera kulemera kwa matumba awo. "Wa K100,000 abwere kutsogolo!" Anyamuka bambo mmodzi akukonza jekete, kwaya ikuimba, nthungululu zili wawawa. Pofika pa K10,000 m'manja mwayamba kuzilala. Pofika pa K500 woyendetsa mwambo watopa, amangoti otsala nonse bwerani pamodzi, nthawi yatha. Agogo amene dzulo anakhala tsiku lonse pamsika ndi milu ya tomato amaponya yawo m'mbale anthu akusakasaka kale maambulera awo.

Mukudziwa kuti sindikunama. Mukudziwanso kuti ena mwa onyamuka koyamba aja ndalamayo si yawo. Anakatenga katapila Lachisanu, kapena anakongola ku banki mkhonde, kuopa kuti anthu anganene kuti mkulu wa mpingo zamuvuta. Ena amangolonjeza, m'manja n'kuomberedwa, kenaka msungichuma amatha nsapato kuwalondola mpaka Khirisimasi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani ya Hananiya ndi Safira timakonda kuilalikira ngati ya anthu oumira. Taiwerenganinso, koma muyambire kumapeto kwa Machitidwe 4. Kumeneko Barnaba, Mlevi wa ku Kupro, wangogulitsa munda wake n'kukatula ndalamazo kwa atumwi. Ine ndimaona kuti banja lija linasirira dzina labwino limene mnzawoyo anapeza, koma linkafuna kuligula motchipa. Petro anamuuza Hananiya mosapsatira kuti munda unali wake, ndalamanso zinali m'manja mwake, panalibe womukakamiza. Akanapereka gawo n'kunena kuti ndi gawo, bwenzi atabwerera kwawo kukadya nsima. Iwo anawerengera maso a mpingo, n'kuiwala kuti pali wina amene amadziwa mtengo weniweni wa mundawo.

Za pamaliro ndiye musandiyambitse. Dzuwa likuswa mtengo, anamfedwa sanadye, adzukulu akudikira kumanda, ife tili duu kumvetsera mndandanda wa chipepeso: banja lakuti K20,000, akuntchito matumba awiri a ufa, bwana wakuti agula bokosi. Wandale akafika mochedwa, ulaliki umayamba waima kuti amutulutsire sofa m'nyumba ya masiye. Yakobo, m'mutu 2 wa kalata yake, anadzudzula kale zopatsa mpando wabwino munthu wovala mphete yagolide, wosauka n'kumuuza kuti aime uko. Timauwerenga bwinobwino mutuwo, kenaka n'kukanyamula sofa.

Ena amati kulengeza kumateteza ndalama kuti isalowe m'thumba la munthu. Chabwino, ndikuvomera, paja nkhani za ndalama za mpingo tazimva zambiri. Koma lisiti ilipo, buku la msungichuma lilipo, ndipo chiwerengero chonse chingathe kulengezedwa popanda kutchula kuti wapereka zingati ndani. Ena amati anthu akamaonerana amapereka zambiri. N'zoona ndithu, malata amagulidwa msanga. Koma tsiku limene mwini malata uja adzatenge mkazi wa mwini, kapena adzamane antchito ake malipiro, ndani pa bwalo la akulu a mpingo adzatsegule pakamwa? Abusa adzasankha mutu wa ulaliki mosamala kwambiri sabata imeneyo. Mantha oopa anthu amayambira pa mbale ya chopereka, amakathera pa gome.

Komatu mpingo m'dziko muno unaonetsapo kuti ungathe kusaopa nkhope ya munthu. Pa 8 Marichi 1992, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kusowa kwa ufulu wolankhula, kutsekera anthu popanda mlandu ndi malipiro ochepa a anthu wamba. Nthawi imeneyo kutchula dzina la Kamuzu mosasamala kunali kokwanira kuti munthu asagone kwawo. Boma linati kalatayo ndi youkira, apolisi anawafunsa mafunso maepiskopiwo, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko. Maepiskopiwo akanafuna mtendere ndi akuluakulu, akanangolemba za kusala kudya pa Lenti, palibe akanawadzudzula. Pa 14 Juni 1993 tinali pa mizere ya referendamu.

Ife zathu n'zazing'ono poyerekeza ndi zimenezo, palibe wotiopseza ndi ndende. Komiti ya zachuma ikadzakumananso, wina adzangoimika dzanja n'kupempha kuti chaka chino chopereka chibwere m'maenvulopu opanda maina, maikolofoni aisiyire kwaya. Mudzandiuze amene adzayambe kukwiya.