Lilime nalonso limazengedwa mlandu

Pa 3 Disembala 2003, khoti la United Nations limene linkakhala ku Arusha, m'dziko la Tanzania, linapeza amuna atatu a ku Rwanda olakwa pa mlandu wolimbikitsa anthu kupulula mtundu wa anzawo. Ferdinand Nahimana ndi Jean-Bosco Barayagwiza anali akuluakulu a wailesi ya RTLM, pamene Hassan Ngeze anali mkonzi wa nyuzipepala ya Kangura. Chida chachikulu chimene chinawafikitsa pamaso pa oweruza sichinali chikwanje kapena mfuti. Anali mawu.

Wailesi ija inkatcha Atutsi mphemvu. Kuphana kutayamba mu Epulo 1994, inkalengeza maina a anthu ndi malo amene abisala, achiwembu n'kumawalondola. M'masiku 100 okha, anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa. Atachita apilo, mu 2007 atatuwa anapatsidwa zaka 30, 32 ndi 35 za kundende.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri zotikhudza ife Asilamu. Yoyamba ndi yonyaditsa: Asilamu ambiri a ku Rwanda anakana kupha ndipo anabisa anansi awo m'nyumba ndi m'mizikiti. Yachiwiri ndi yowawa: Ngeze uja anali Msilamu. Dzina la Chisilamu silinatchinjirize cholembera chake ku uchimo, ndipo silinamupulumutse ku chilango. Tikamakamba za malamulo oletsa kusonkhezera ziwawa, tisaganize kuti anaikidwa kuti amange ena okha. Amatiteteza, koma amatimanganso.

Malamulowa si achilendo kwa ife. Pangano la maiko la 1948 linaika kuti kumema anthu poyera kuti apulule mtundu wina ndi mlandu paokha, ngakhale pasafe munthu. Ndime 20 ya pangano la 1966 la ufulu wa nzika ikulamula maiko kuletsa kufalitsa chidani cha mtundu, dziko kapena chipembedzo chimene chimautsa tsankho, udani kapena chiwawa. Malawi analowa m'panganoli mu 1993.

Alipo abale ena amene akuda nkhawa kuti malamulo otere adzatseka pakamwa mashehe ndi abusa. Nkhawayi si yopanda pake, chifukwa lamulo lolembedwa mosalongosoka olamula amatha kuligwiritsa ntchito pozunza owadzudzula. Koma malire ake ndi ooneka. Shehe amene akuphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi ndipo alibe mwana akulongosola chikhulupiriro chake, monganso m'busa amene akulalikira zosiyana ndi zimenezi. Onsewa ali mu ufulu wawo. Mlandu umayamba pamene wina wauza gulu kuti anthu akutiakuti ndi adani, athamangitsidwe, nyumba zawo zitenthedwe. Ngakhale oweruza apilo ya mlandu wa ku Arusha anasiyanitsa mawu achidani ndi mawu omema anthu kuti akaphe. Kutsutsa mfundo n'kololedwa. Kuika moyo wa munthu pachiswe ndiko koletsedwa.

Mabanja a m'mbali mwa nyanja safunika kuuzidwa zambiri za kuopsa kwa mawu. Ndi makomo angati ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota amene alibe mwana kapena mlamu ku Joni? Mu 2008, ziwawa zolimbana ndi alendo ku South Africa zinapha anthu oposa 60, ndipo mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi amene anathawa m'nyumba zawo. Moto umenewo unayamba ndi kamwa zonena kuti alendo ndiwo alanda ntchito ndi malonda. Mu 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo lolanga milandu ndi mawu achidani. Ngati tikufuna kuti lamulo liteteze mwana wathu ku Durban, tiyeneranso kufuna kuti liteteze Mburundi wogulitsa m'golosale pamsika wathu ndi Mkhristu woyandikana naye nyumba. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tili ndi pempho ku mbali ziwiri. Kwa apolisi ndi makhoti: lamulo ligwire ntchito mosayang'ana nkhope. Wandale wotchuka amene wamema anyamata kuti akamenye a mtundu wina ayankhe mlandu mofanana ndi mnyamata wa kumudzi, ndipo wopseza mzikiti aweruzidwe mofanana ndi wopseza tchalitchi. Lamulo lokondera limabala chidani chomwecho chimene linabwera kudzathetsa.

Kwa ife eni: lero wailesi ili m'thumba la aliyense. Uthenga wa pa WhatsApp umafika kwa anthu mazanamazana swala ya Isha isanakwane. Surat Al-Hujurat imatilamula kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu, ndipo imatiletsa kunyozana ndi kuitanana maina oipa. Makolo adziwe zimene ana awo akutumiza. Aphunzitsi a madrasa aphunzitse kulemera kwa lilime monga amaphunzitsira udhu. Makomiti a mizikiti asalole khutuba kusanduka bwalo lotukwanira mtundu kapena mpingo. Ndipo tikamva wina akumema anthu kuchita chiwawa, ngakhale atavala mkanjo ngati ife, tikanene kwa amfumu ndi kupolisi, osabwezera ndi miyala. Nkhanga zinapangana kusanapse.