Batire lachiwiri: tchipitsani bokosi, osati fyuzi

Kumudzi kuno galimoto ya 4x4 sikhala ya mwini wake yekha. Pikiapu yakale ya alamu anga ndiyo ambulansi ya midzi itatu, ndiyo imatuta chimanga, ndipo pakagwa zovuta ndiyo imaunikira pasiwa.

Dzinja lapitali tidachezera pamaliro a gogo wina. Anyamata adalumikiza mababu ndi chimkuzamawu cha kwaya ku batire la galimotoyo, nyimbo nkumamveka mpaka kutsidya. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha kudabwera uthenga woti mayi wina woyembekezera matenda amuyamba. Alamu atapotokola kiyi, galimoto idangoti tche! tche! basi. Tidaikankha m'matope amuna khumi, ndipo idalira patadutsa pafupifupi ola. Mwana adabadwa atangofika kuchipatala. Onse ali moyo, koma tonse tidadziwa kuti tapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Poti ndimaphunzitsa Physics, alamu adandipatsa homuweki: tichite chiyani kuti zisadzachitikenso, koma thumba lisabooke? Yankho ndi batire lachiwiri. Zomwe tidapeza ndati ndikugawireni, makamaka inu oyendetsa magalimoto a mipingo, a mabungwe ndi a matola.

Batire lolizira injini adalipanga kuti lizitulutsa mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, kenako alternator nkulidzazanso. Mukamalikama usiku wonse limafa msanga. La mababu, filiji ndi kutchajira mafoni ndi la deep cycle, longa aja amagulitsa pamodzi ndi sola. La 100Ah limasunga mphamvu yokwana 1,200 Wh, koma kuti likhalitse musamadye kupitirira theka. Thekalo likhoza kuyatsa mababu anayi a LED a 5W kwa maola 30. Komatu batire lotere limalemera makilogalamu 25 mpaka 30, ndipo nkhani ya poliika ikuyambira pa kulemera kumeneku.

Malo oyamba ndi m'boneti, ngati mpata ulipo. Ubwino wake ngwoti mabatire awiriwo amayandikana, ndiye waya amalowa wochepa. Simukusowa kuitanitsa thireyi yodula kuchokera kunja. Wowotcherera wa pamsika akhoza kuipanga ndi zitsulo za angle iron. Chenjerani ndi ziwiri. Kutentha kumafupikitsa moyo wa batire, choncho likhale kutali ndi ekizozi ndi turbo. Chachiwiri, thireyiyo imangidwe ndi mabawuti pamalo olimba angapo. Mukaipachika pa lata lopyapyala la madigadi, mabampu a misewu yathu adzaling'amba pang'onopang'ono.

Malo achiwiri ndi kumbuyo konyamulira katundu. Bokosi la pulasitiki la mabatire silidula kwenikweni, ndipo ngakhale kalipentala akhoza kukhoma la matabwa ochindikala. Chofunika nchoti bokosilo limangidwe pansi ndi mabawuti okhala ndi mawashala aakulu, ndipo pamwamba pa batire padutse chitsulo chopanikiza chosakhudza mitu yake. Malegeni ndi omangira thumba la makala panjinga. Batire la makilogalamu 30 likadumpha pangozi limaphwanya munthu. Ngati galimoto yanu ndi yotseka, yoti anthu ndi katundu amakhala chipinda chimodzi, kumbukirani kuti batire lothira madzi limatulutsa mpweya wa hydrogen likamatchajidwa, ndipo mpweyawu umaphulika ndi kamoto kochepa. Mmenemo ikani batire lomata la AGM, kapena bokosi lotseka lokhala ndi kapaipi kotulutsira mpweya panja.

Njira yachitatu ndi bokosi lochotseka. Batire limalumikizidwa ku galimoto ndi pulagi yolimba ya Anderson, ndipo paulendo limamangidwa ndi lamba wokunga pa ngowe zolimba. Mukafika, mumazula pulagi nkunyamulira bokosilo kusiwa kapena kutchalitchi, galimoto nkukhala yomasuka. Masana mukhozanso kulitchaja ndi sola.

Tsono kalumikizidwe. Ana anga a Fomu 3 amadziwa kuti mabatire awiri olumikizidwa molunjika, pozitivi ku pozitivi, amakhala ngati matanki awiri a paipi imodzi: lina likamatha, linzake likutsikanso. Mukatero mwangogula vuto lakale lija pamtengo wowirikiza. Pakati pawo pamafunika mlonda.

Mlonda wotchipitsitsa ndi swichi yamanja ya mabatire. Injini ikalira mumayatsa, mukaima mumazimitsa. Imagwira ntchito mpaka tsiku lomwe mudzaiwale. Wodulirapo pang'ono ndi VSR, kachipangizo koyeza mphamvu kokha. Injini ikalira, mphamvu nkukwera kupitirira pang'ono 13 volts, kamalumikiza mabatire onse kuti atchajidwe. Injini ikazima, mphamvu nkutsika cha m'ma 12.8 volts, kamawalekanitsa. Pa galimoto zakale kameneka nkokwanira. Wodula kwambiri ndi DC-DC charger. Imeneyi ndi ya galimoto zatsopano zomwe alternator yake imatsitsa yokha mphamvu pofuna kusunga mafuta, komanso ya mabatire a lithium. Ngati yanu ili m'gulu limeneli, musakakamire VSR, batire lachiwiri silidzadzaza.

Pali zinthu ziwiri zomwe sitinenerera mtengo. Choyamba ndi waya. Kuchoka ku injini kukafika kumbuyo kwa pikiapu ndi mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo waya woonda amataya mphamvu m'njira nkumatentha. Gulani wa kopa weniweni, wa 16 mm² kapena kuposa, ndipo paliponse pomwe wadutsa pabowo la chitsulo pakhale mphira.

Chachiwiri ndi fyuzi, ndipo zikhale ziwiri: ina pafupi ndi mutu wa pozitivi wa batire loyamba, ina pafupi ndi wa lachiwiri, chifukwa wayayo ali ndi moto mbali zonse. Akaperepeseka nkukhudza chitsulo, batire limatulutsa ma amp mazanamazana, waya amafiira, galimoto nkupsa mukuona. Fyuzi igwirizane ndi kukula kwa waya. Chizolowezi chopiringiza kawaya m'malo mwa fyuzi yakupsa chisafike kuno.

Chenjezo lomaliza likupita kwa eni Land Cruiser ndi Nissan Safari zakale za dizilo zochokera ku Japan. Zina mwa izo zidabwera kale ndi mabatire awiri, koma ndi a 24 volts, onse ndi olizira injini. Mukamaba 12 volts pa limodzi, awiriwo amasiyana mphamvu ndipo onse amaonongeka. Musanagule kanthu, pitani kwa makaniko wa zamagetsi akayeze. Safunsa adadya phula.

Alamu adasankha bokosi lochotseka. Adakhoma ndi kalipentala wa m'mudzi momwemo, batire ndi la sola, pakati pali VSR ndi fyuzi ziwiri. Kuchotsa batirelo, ndalama zambiri zidalowa ku waya, ndipo adadandaula sabata yathunthu. Mwezi wathawu tidachezeranso pasiwa pena. Bokosi lidali pakhonde, kwaya idaimba mpaka kucha, ndipo galimoto idali poteropo, itayang'ana kumsewu, kiyi ali m'thumba mwa mwini wake.