23 JANUWALE SI MFITI, ABALE ANGA

Ndabweranso ndi uthenga wautali. Amene bandulo yatsala pang'ono musadandaule, mulibe vidiyo muno, ndi mawu okhaokha.

Januwale akamapita kumapeto, m'mafoni mwathumu mumayenda uthenga wa zithunzi zitatu ndi timakandulo. Hugh Masekela, 23 Januwale 2018. Oliver Mtukudzi, 23 Januwale 2019. Jonas Gwangwa, 23 Januwale 2021. Pansi pake anthu n'kumati apa pali kanthu, tsiku limeneli limadya oimba.

Masikuwo ndi oona, palibe wanama. Ndingawonjezerenso ineyo. Paul Robeson, woimba wakuda wa mawu a besi wa ku America, anamwalira pa 23 Januwale 1976. Larry King, uja wofunsa anthu mafunso pa CNN, anapita tsiku limodzi ndi Gwangwa. Koma zoti tsikuli lili ndi minyama, izo ndiye ndikukana, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ife ana a asodzi timawerenga masiku kuposa anthu ambiri. Mwezi ukawala kwambiri sitivutika n'kupita ku usipa, chifukwa nyali zathu zimagonja ndi kuwala kwa mweziwo, usipa subwera. Mwera ukayamba nyengo yozizira, mabwato amakhala pamchenga. Tsiku lililonse lomwe timaliopa lili ndi chifukwa chake chogwirika, choti mwana ukhoza kumulozera. Nanga 23 Januwale chifukwa chake n'chiyani? Mphepo yake ndi iti?

Chaka chili ndi masiku 365 basi, pomwe anthu otchuka alipo zikwizikwi. Akatswiri a masamu anawerengera kale kuti anthu 23 akakhala pamodzi, mwayi woti awiri mwa iwo anabadwa tsiku lofanana umaposa theka. Anthu 23 ndi matimu awiri a mpira ndi lifali wawo, basi. Ndiye mukaponya khoka lalikulu m'nyanja yodzaza, mudabwa kuti mwakola chambo zitatu zofanana msinkhu? Tengani tsiku lina lililonse muone. Elvis Presley ndi Aretha Franklin onse anamwalira pa 16 Ogasiti, wina 1977 wina 2018. James Brown ndi George Michael onse anapita pa Khirisimasi, wina 2006 wina 2016. Kodi Khirisimasi nayo tiziti ndi mfiti?

Komanso uthenga wa makandulo uja umabisa mbali ina. Pa 23 Januwale 1977, wailesi ya kanema ya ABC inayamba kuonetsa Roots, nkhani ya Kunta Kinte, usiku 8 motsatizana, ndipo America yense anakhala pansi kuonera ukapolo wa makolo a anthu akuda. Pa 23 Januwale 1983 inayamba The A-Team ya Mr. T wa matcheni m'khosi uja. Tsiku lomwelo limatenga, tsiku lomwelo limapatsa, ngati masiku ena onse.

Chomwe chimandiwawa n'choti tikamatanganidwa ndi deti, timaphonya zomwe zimamangadi anthu atatuwa pamodzi. Ndipo zimenezo ndiye zokoma.

Masekela ndi Gwangwa sanakumane pa kalendala ayi, anakumana ali anyamata pasukulu ya St Peter's ku Johannesburg. Panali wansembe wa Anglican, mpingo womwe uja wa ku Likoma ndi ku Malindi, dzina lake Trevor Huddleston. Iyeyo ndi amene anamupezera Masekela lipenga loyamba ali ndi zaka 14, mnyamatayo ali wovutavuta. Pasukulupo panabadwa bandi, Gwangwa n'kutenga lipenga lalitali lokoka lija lotchedwa trombone. Pofika 1959 awiriwa anali mu Jazz Epistles pamodzi ndi Kippie Moeketsi ndi Dollar Brand, amene pambuyo pake anadzatchedwa Abdullah Ibrahim. Apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville mu 1960, dziko linatentha. Masekela anachoka chaka chomwecho, Gwangwa anatsatira, ndipo onse anakhala kunja zaka pafupifupi 30.

Kunjako sanakhale manja lende. Mu 1968 nyimbo ya Masekela, Grazing in the Grass, inafika pa nambala wani ku America. Gwangwa anatsogolera Amandla, gulu la zoimba ndi zisudzo la ANC, kuzungulira nalo maiko kufotokoza za tsankho, ndipo nyimbo zomwe anapeka ndi George Fenton za filimu ya Cry Freedom ya 1987 zinalowa pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Oscar.

Koma kwa ife kuno, nyimbo ya Masekela yofunika kuimva ndi Stimela. Ndi nyimbo ya sitima ya malasha yonyamula amuna kupita nawo ku migodi ya Johannesburg, ndipo pakati pa maiko omwe amawatchula kuti sitimayo imachokera, Malawi alimo. Amuna amenewo ndi agogo athu, a Wenela ndi a Theba. Anasiya ngalawa pagombe, anasiya akazi ndi makanda, n'kukalowa pansi pa nthaka. Ena anabwera ndi njinga ndi wailesi, ena anabwera ndi chifuwa, ena anasanduka matchona osabweranso. Mpaka lero alipo okalamba akuyendabe ndi mapepala akuthaitha kufunsa ndalama zawo. Munthu wa ku Witbank anatiimbira mbiri yathu, ife n'kumangomukumbukira kuti anafa pa 23. Si zamanyazi zimenezo?

Tuku naye chimodzimodzi. Anabadwira ku Highfield mu 1952, anaimba ndi Thomas Mapfumo mu Wagon Wheels, kenako ndi bandi yake ya Black Spirits anatulutsa zimbale zoposa 60. Ankadziwana bwino ndi Masekela, ankakwera limodzi pa siteji. Koma ine ndikamva dzina lake ndimaganiza za Neria, filimu ya mayi wamasiye yemwe mlamu wake anabwera kudzasesa katundu yense mwamuna atangomwalira. Tuku anasewera ngati mlongo wa mayiyo, ndipo ndi iye anaimba nyimbo yake. Ndani kunyanja kuno sanaonepo zotere? Msodzi wamwalira lero, maliro asanathe abale akuwerenga kale injini, chilimira, nyali ndi bwato, mayi n'kutsala ndi ana ndi thandala lopanda nsomba. Malawi anakhazikitsa lamulo mu 2011 lomwe limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma filimu ija inali itayamba kale kutsegula anthu pakamwa. Ndipo mu 1999, nthawi yomwe pamaliro tinkangoti wadwala nthawi yaitali, iye anatulutsa Todii, kufunsa poyera kuti Edzi imeneyi titani nayo.

Ndiye chowamanga atatuwa ndi ichi: anatenga lipenga ndi gitala n'kunena zinthu zomwe anthu ankanong'onezana. Deti ija yangokhala msomali wopachikapo zithunzi.

Ndipo chinawatenga n'chodziwika. Masekela anali ndi zaka 78, anavutika zaka zambiri ndi khansa ya prostate, ija imagwira abambo pa njira ya mkodzo, ndipo iye mwini asanamwalire analangiza amuna kuti aziyezetsa. Tuku anali ndi zaka 66, anali ndi matenda a shuga. Gwangwa anali nkhalamba ya zaka 83. Tikamati ndi tsiku, timathawa phunziro. Abambo angati pagulu pano amadzuka kasanu usiku kukataya madzi koma kuchipatala ayi, ati n'zochititsa manyazi? Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsopano mvetserani chinthu china cha pa 23 Januwale chomwe sichiyenda m'mafoni. Mu 1986, tsiku lomweli, ku hotela ya Waldorf-Astoria ku New York, kunachitika mwambo woyamba wa Rock and Roll Hall of Fame, wolemba maina a oimba m'kaundula wa ulemu. Pa oyambawo panali Chuck Berry, James Brown, Ray Charles, Fats Domino, Little Richard, Jerry Lee Lewis, a Everly Brothers, Elvis Presley, Sam Cooke ndi Buddy Holly. Atatu omalizawa anali atamwalira, koma ena onse anali moyo, anamva ndi makutu awo kuti ntchito yawo yayamikidwa. Lamulo lawo n'loti pakhale patadutsa zaka 25 chitulutsire nyimbo yoyamba, osati chimwalirire. Mu 1995 anatsegula nyumba yosungiramo zinthu za oimbawo ku Cleveland.

Onani kusiyana kwake. Masiku a maliro aja palibe anawasankha. Ili la 1986 analisankha ndi anthu, anakhala pansi n'kugwirizana. Ku Zimbabwe Tuku anapatsidwa ulemu wa ngwazi ya dziko, woimba woyamba kuulandira, koma unafika iye ali m'bokosi. Chomwe anachiona ndi maso ake ndi chomwe anamanga yekha, Pakare Paye ku Norton, malo oti ana aziphunzira kuimba. Wansembe uja anapereka lipenga limodzi, Tuku anamanga bwalo lonse.

Ndikudziwa ena muti, iwe mwana wa msodzi, kukumbukira akufa ndi mwambo wathu, timamanga ziliza, timachita sadaka. Zoona, ndipo sindikutsutsa. Anthu akamasonkhana ku Chileka chaka ndi chaka kukumbukira Evison Matafale, amene anamwalira mu Novembala 2001, ndi chinthu chabwino, nyimbo zake zikadali moyo chifukwa cha zotere. Chomwe ndikunena n'choti chiliza chisakhale malipiro oyamba omwe woimba alandira kwa ife.

Tadzifunsani. Nyimbo zadzaza m'foni mwanumo, ndi zingati zomwe mwini wake anaonapo ngakhale tambala? Timapereka ndalama kwa mnyamata wothira nyimbo mu memore khadi pamsika, timatumizirana pa WhatsApp pompano, pa dansi timafuna kulowa chakumapeto geti itatsegulidwa. Woimbayo akadwala, timadabwa kumva akupempha thandizo. Agogo Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930, koma dziko linawadzukira mwamphamvu mu 2020 Patience Namadingo atakhala nawo pansi n'kuimba nawo limodzi, kenako mawu awo anazungulira pa TikTok kwa anthu mamiliyoni. Tikuthokoza kuti anaziona. Koma taganizani zaka zonse zija anali pomwepo, gitala lili m'manja. Nazo za Daniel ndi Donald Kachamba, zambiri zinasungika chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kuwajambula mu 1967, ndipo Moya Malamusi anapitiriza ntchito yosunga. Ndi angati a m'midzi mwathu, a malipenga ku Nkhata Bay, a beni ku Mangochi, a bangwe ndi a banjo, omwe anapita ndi nyimbo zawo kumanda popanda wozijambula?

Ndiye pempho langa pa 23 Januwale ndi ili. Uthenga wa makandulo ukakufikani, musangoika kankhope kolira n'kudutsa. Mverani Stimela mpaka kumapeto, mukafunse kwanu kuti ndani wa m'banja mwanu anakwera ulendo umene uja, mulembe dzina lake ana alidziwe. Ngati m'mudzi mwanu muli gogo woimba, foni muli nayo, kamujambuleni, ndipo musapite chimanjamanja, ngakhale kambale ka usipa. Woimba amene mumamukonda akabwera kwanuko, lipirani pageti ngati munthu wamkulu. Ngati panyumba pali mwana wogogoda zidebe ndi kumanga gitala la chigubu, musamuthamangitse kuti akusokosa. Ndipo inu achimwene, inu malume, amene zaka 45 zinadutsa kale, pitani mukayezetse shuga ndi zinazo, mzere wa kuchipatala ndi waufupi kuposa wa kumanda.

Amene mukuona mosiyana, yankhani momasuka, koma mubwere ndi chifukwa, osati mantha. Tumizani kwa ena, makamaka kwa uja anakutumizirani makandulo.

Ndatha ine wanu,
Mwana wa msodzi, kuchokera kugombe.