Kachubu koletsa kuyabwa usiku umodzi tikaope

M'misika yathu, kuyambira ku Limbe, Lilongwe mpaka ku Mzuzu, ngakhalenso m'magolosale a kumidzi, muli timachubu ta mankhwala odzola tomwe tikugulitsidwa ngati sopo kapena machesi. Munthu wamkulu ndithu akangomva kuyabwa m'khwapa, m'mphechepeche kapena m'khosi saganizanso za chipatala. Amangopita pa benchi nanena kuti "ndipatseni wa zidzolo," ndipo wogulitsa amatola kachubu kamene kali pafupi. Wogula safunsa kuti m'katimo muli chiyani, ndipo wogulitsayo ngakhale atafunsidwa sangayankhe. Chomwe onse awiri amadziwa n'chakuti ukadzola madzulo, pofika m'mawa kuyabwa kwaleka.

Amalawi anzanga, kuleka msanga kwa kuyabwako ndiko kuyenera kutikhalitsa pansi. Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mankhwala ambiri odzola amene amatamandidwa kuti ndi amphamvu ali ndi chinthu chimodzi chomwe achipatala amachitcha steroid, ndipo ntchito ya steroid ndi kuziziritsa khungu, kuchotsa kufiira ndi kutupa, komanso kuletsa kuyabwa. Iye sapha kachilombo kalikonse. Amangouza asilikali a m'thupi amene amalimbana ndi matenda pakhungupo kuti akhale chete.

Tisanamizane, steroid si poizoni. Kuyambira m'chaka cha 1952, pomwe madokotala a ku America adayamba kudzoza odwala mankhwala a hydrocortisone, anthu ambirimbiri odwala ziwengo ndi matenda ena otupitsa khungu apeza mpumulo. M'manja mwa dokotala amene waona nthendayo ndi maso ake, nasankha mphamvu yoyenera ndi masiku oyenera, ndi mankhwala abwino kwambiri. Bvuto lathu ndi lakuti achoka m'manja mwa dokotala n'kukagwera pa benchi.

Mankhwalawa ali ndi mphamvu zosiyanasiyana, ngakhale timachubu take timaoneka tofanana. Hydrocortisone ndiye wofatsa. Betamethasone, yemwe amapezeka mu Betnovate ndi m'makirimu ena ambiri, mphamvu yake imaposa ya hydrocortisone maulendo 100 kapena kupitirira. Clobetasol, wa mu Dermovate ndi Movate, amafika mpaka maulendo 600. Malangizo a clobetasol ku America amanena kuti munthu asadzole kupitirira masabata 2 otsatizana, asathe magalamu oposa 50 pa sabata, ndiponso asadzole kumaso, m'khwapa kapena m'mphechepeche. Nanga kuno kwathu anthu akudzola pati, ngati si m'malo oletsedwa omwewo? Ndipo akudzola kwa miyezi, ena kwa zaka.

Tiyeni titenge zipere, nthenda imene aliyense amaidziwa. Zipere zimayamba ndi tizilombo ta fangasi tomwe timadya khungu la pamwamba. Munthu akadzola steroid, kuyabwa kumatha ndipo mkombero wofiira uja umazilala, mwini wake n'kumati wachira. Koma fangasi uja wapeza munda wopanda mlonda. Amafalikira mwakachetechete, ndipo tsiku limene kachubu katha, zipere zimabwerera zitakula kuwirikiza. Munthu amathamangiranso ku benchi, wogulitsa n'kumasekerera kuti kasitomala wabwera. Akadzafika kuchipatala nthendayo imakhala itasintha maonekedwe, mwakuti ngakhale dokotala amabvutika kuizindikira. Madokotala a khungu a ku Britain adalemba za zipere zobisala zoterezi kale mu 1968, choncho si nkhani yachilendo.

Mphere nayonso ndi chimodzimodzi. Mphere imayamba ndi kachilombo kakang'ono kamene kamakumba ngalande pakhungu n'kumaikira mazira. Steroid amaletsa kukanda kwa masiku angapo koma kachilomboko kamapitiriza kuswana, ndipo nthendayo imayenda nyumba yonse, kuchokera kwa bambo, mayi, mpaka kwa ana. Mankhwala ake enieni ndi ena, monga benzyl benzoate, amene amadzola thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, ndipo onse a m'nyumbamo amayenera kulandira chithandizo nthawi imodzi, zobvala ndi zofunda n'kuchapidwa bwino. Bungwe la World Health Organization lidaika mphere m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha mu 2017. Kuibvundikira ndi kirimu wa pamsika ndi kuinyalanyaza kachiwiri.

Ogulitsa ena amati, musade nkhawa, uyu ndi wosakaniza, amapha zonse. Akunena makirimu aja amene m'kachubu kamodzi muli steroid, mankhwala a fangasi monga clotrimazole, ndi mankhwala a mabakiteriya monga gentamicin kapena neomycin. Kumva kwake n'kokoma, koma ndi kuponya mwala mumdima. Ngati nthenda yako ndi zipere, steroid uja akulimbana ndi mankhwala a fangasi m'kachubu komweko. Ngati ndi ziwengo, wadzola mankhwala a fangasi ndi a mabakiteriya popanda chifukwa. Ndipo neomycin amadziwika kuti amayambitsa yekha ziwengo mwa anthu ena, kotero kuti munthu amaonjezera kudzola pofuna kuchiza zidzolo zimene kirimuyo ndiye akuzibweretsa.

Amene akuganiza kuti tikukulitsa nkhani ayang'ane zimene zidachitika ku India, dziko limene limapanga mankhwala ambiri omwe timagwiritsa ntchito kuno. Kumeneko makirimu osakaniza otere adagulitsidwa mwachisawawa kwa zaka zambiri. Mapeto ake kudabuka mtundu wa zipere wosamva mankhwala a terbinafine, amene kale ankachiza zipere mosabvuta. Akatswiri adaupatsa dzina lakuti Trichophyton indotineae mu 2020, ndipo pofika 2023 udapezeka mpaka mumzinda wa New York. Madokotala a khungu a ku India amaloza chala kwambiri pa makirimu osakanizawo. Ngati dziko lokhala ndi mafakitale a mankhwala likubvutika chotere, ife amene timadikira mankhwala ochokera kunja tidzalowera kuti?

Kuonjezera pa kubisa nthenda, steroid wamphamvu akadzoledwa nthawi yaitali amaononga khungu lenilenilo. Khungu limapyapyala mpaka mitsempha kumaonekera. Limang'ambika mizeremizere yosafufutika m'ntchafu ndi m'khwapa. Nkhope imatuluka ziphuphu, zilonda zimachedwa kupola. Akadzoledwa pafupi ndi maso angathe kuyambitsa ng'ala ndi matenda ena oononga maso. Ndipo khungu si chikopa cha ng'oma, limamwa zimene tadzola. Munthu wodzola thupi lonse kwa miyezi amalowetsa mankhwalawo m'magazi, ndipo angathe kutupa nkhope, kukwera shuga ndi kuthamanga magazi, pomwe tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timafooka pa ntchito yake. Khungu limayeranso, n'chifukwa chake ena amene adayamba ndi kuchiza zidzolo adapitiriza kudzola pofuna kuyera, osadziwa mtengo umene adzalipire.

Ena atamva izi amathawira ku makirimu olembedwa kuti ndi a zitsamba, poganiza kuti kumeneko kulibe choopsya. Komatu mawu akuti zitsamba aliyense angathe kuwasindikiza pa katoni. Mu 1999 madokotala a ku London adapima makirimu 11 a zitsamba za ku China amene odwala awo ankadzola, ndipo 8 mwa iwo adapezeka ndi steroid wotchedwa dexamethasone yemwe sadalembedwe paliponse. Mu 2018 bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain lidachenjeza anthu za kirimu wotchedwa Yiganerjing, amene ankati ndi wa zitsamba koma m'kati mudali clobetasol. Kumeneko adazigwira chifukwa amapima. Kodi timabotolo topanda dzina la wopanga tomwe tikutsatsidwa m'mabasi, m'misika ndi pa Facebook tikupimidwa ndi yani?

Palinso china chimene sitiyenera kuiwala. Zidzolo za munthu wamkulu nthawi zina zimakhala mthenga. Totupa toyabwa tosatha m'miyendo ndi m'manja, kapena mashingozi, zingathe kukhala chizindikiro chakuti chitetezo cha m'thupi chatsika ndipo munthu ayenera kukayezetsa magazi. Banga lotuwa limene silimva kukhudza lingathe kukhala khate, lomwe limachizika bwino likapezeka msanga. Zidzolo zotuluka munthu atangoyamba kumwa mankhwala monga Bactrim zingakhale chiyambi cha ngozi yaikulu, makamaka zikafika m'kamwa ndi m'maso, ndipo wotereyo ayenera kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Mu 2025 dziko lathu lidapezanso odwala mpox, nthenda yopatsirana imene imadziwika ndi matuza pakhungu. Wodzola kirimu wa pa benchi pa zonsezi akutseka pakamwa mthenga asananene chimene wadzera.

Tikudziwa zimene ambiri anene, ndipo sakunama. Chipatala chili kutali, basi ndi yodula, pamzere munthu amatha tsiku lonse, ndipo pamapeto pake amauzidwa kuti mankhwala kulibe, kagule. Mlimi kapena mayi wa geni amene thupi likumuyabwa usiku wonse sangadikire zonsezo pomwe kachubu kali pafupi. Munthu wotere sitingamunyoze. Koma mfundo imeneyi ikusonyeza kumene kuli udindo. Mankhwala enieni a matenda ambiri a pakhungu ndi otchipa ndiponso odziwika kuyambira kale: clotrimazole kapena mafuta a Whitfield pa zipere, benzyl benzoate pa mphere, calamine pa kuyabwa wamba, hydrocortisone pa ziwengo zazing'ono. Unduna wa Zaumoyo ndi a Central Medical Stores Trust ataonetsetsa kuti mankhwala amenewa sakusowa m'zipatala zing'onozing'ono, theka la malonda a pa benchi lingathe lokha. Zipatala za khungu za ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe sizingalandire dziko lonse.

Inu a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lamulo la 2019 limene lidakukhazikitsani m'malo mwa bungwe lakale la Pharmacy, Medicines and Poisons Board lidakupatsani mphamvu zolembetsa mankhwala, kupereka ziphaso kwa ogulitsa ndi kuyendera malo ogulitsira. Clobetasol ndi betamethasone ndi mankhwala, ngakhale atayalidwa pakati pa mafuta odzola ndi mapafyumu. Kulanda katundu wa venda mmodzi atolankhani akujambula sikuthetsa kanthu, pakuti mawa lake benchi imadzazanso. Venda sapanga kirimu ndipo saoloka naye nyanja. Tsatirani makatoniwo kumene akuchokera, m'zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, ndi m'nyumba zosungira katundu za opikulitsa. Mogwirizana ndi a Malawi Bureau of Standards, gulani makirimu otchedwa a zitsamba m'misika, muwapime, ndipo zotsatira zake muzilengeze pa wailesi ndi maina ake, anthu adziwe chopewa.

Chinanso ndi zolembedwa pa katoni. Ku Britain, komwe pafupifupi aliyense amawerenga Chingerezi, boma lidaona kuti maina a mankhwalawa okha sathandiza munthu wamba, ndipo mu 2024 lidalengeza kuti katoni iliyonse ya steroid wodzola izilembedwa poyera ngati ali wofatsa, wapakati, wamphamvu kapena wamphamvu kwambiri. Kuno kwathu malangizo amabwera m'zilembo zing'onozing'ono za Chingerezi, ena m'Chifalansa, ena m'ziyankhulo zomwe palibe angawerenge. Chobvuta n'chiyani kulamula oitanitsa mankhwala kuti amate kapepala ka Chichewa ndi Chitumbuka konena mphamvu ya kirimuyo, masiku odzola, ndi malo oletsedwa? Munthu wolipira ndalama yake ali ndi ufulu wodziwa chimene akulowetsa m'thupi mwake, ndipo a Consumers Association of Malawi ayenera kuyankhulapo mokweza.

Podikira akuluakuluwa, ife eni khungu tisagone. Safunsa adadya phula. Musanagule, tembenuzani kachubu muwerenge, kapena mupemphe wina akuwerengereni. Mukaona betamethasone, clobetasol, beclomethasone, fluocinolone kapena dexamethasone, dziwani kuti mwagwira steroid, ndipo ameneyo akulembereni ndi dokotala. Kachubu kosalembedwa zimene zili m'kati, dzina la wopanga ndi tsiku lotha mphamvu, kasiyeni pomwepo ngakhale katchipe bwanji. Musabwerekane kirimu ndi mnansi, chifukwa kuyabwa kungafanane pomwe matenda ali osiyana. Akakulemberani kuchipatala, dzolani pang'ono: kirimu wofinyidwa kuchokera kunsonga ya chala mpaka pa mfundo yoyamba amakwanira malo aakulu ngati zikhato ziwiri. Ndipo inu amene mwakhala mukudzola kwa miyezi, musangosiya mwadzidzidzi, pakuti khungu lingathe kupsya ndi kufiira koposa kale. Tengani kachubuko mupite nako kuchipatala, musachite manyazi kunena nthawi imene mwadzola, kuti akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono.

Zidzolo zimene zatha masabata 2 osasintha, zimene zikufalikira, kapena zimene zabwera ndi kutentha thupi, zimafuna maso a achipatala. Wogulitsa pa benchi amafuna ndalama ya lero, ndipo khungu likaonongeka simudzamupezanso kuti ayankhe mlandu. Wakutsina khutu ndi mnansi.